Eiko Ishioka, mayi amene ankasoka chipinda n'kuchiveka munthu

Mufilimu ya The Cell, yomwe inatuluka mu 2000, muli kachigawo kakafupi koma kovuta kuiwala. Kamera imalowa m'chipinda chachikulu chomwe makoma ake akutidwa ndi nsalu yapepo. Kumtunda kwa masitepe kwakhala mwamuna pampando wachifumu. Woonera amangoti nsaluzo ndi makatani okongoletsa nyumba. Kenako mwamuna uja amadzuka n'kuyamba kutsika, ndipo makoma aja amayamba kumutsatira. Nsalu yonse ija inali yokoledwa kumphete zachitsulo zimene zinaboola khungu la kumsana kwake. Chimene timayesa chipinda chinali mkanjo wake.

Nanga nsalu imeneyo ndi ntchito ya ndani, wokonza malo kapena wokonza zovala? M'makampani a mafilimu funsoli si lachibwana, chifukwa ntchito ziwirizi zinagawidwa kalekale. Wokonza malo amayang'anira chilichonse chimene ochita sewero aimamo kapena kugwira: nyumba, misewu, mipando, mtundu wa penti wapakhoma. Pansi pake pali akalipentala, opaka utoto ndi ogula katundu. Wokonza zovala ali ndi gulu lakenso, la odula nsalu, matelala, onyika nsalu mu utoto, osoka zipewa ndi nsapato. Aliyense ali ndi thumba lake la ndalama, ndipo pa mphoto za Oscar aliyense ali ndi gawo lake. Udindo wa wokonza malo, womwe pa Chingerezi amati production designer, unatchuka ndi William Cameron Menzies pa filimu ya Gone with the Wind ya mu 1939. Okonza zovala anadikira mpaka 1949 kuti nawonso ayambe kulandira Oscar, patatha zaka 20 mphotozi zitayamba.

Eiko Ishioka, yemwe anakonza zovala za m'maloto mu The Cell, anagwira ntchito zonse ziwiri, pasiteji ndi pamaso pa kamera, ndipo ankachita ngati malire apakati pake kulibe. Malirewo ndi a muofesi. Diso la woonera silidziwa kuti khoma analipira ndi dipatimenti iyi, diresi ndi dipatimenti iyo. Limangoona chithunzi chimodzi.

Anabadwira ku Tokyo pa 12 Julayi 1938. Bambo ake anali wojambula zithunzi za malonda, ndipo ngakhale ankamulimbikitsa kujambula ali mwana, sanafune kuti mwana wawo wamkazi alowe ntchito yomweyo, poti inali ya amuna okhaokha. Iye sanamve. Anamaliza maphunziro a zaluso pa yunivesite ya boma ya zaluso ndi nyimbo ku Tokyo mu 1961, n'kulowa ntchito ku dipatimenti yotsatsa malonda ya Shiseido, kampani ya zodzoladzola. Nthawi imeneyo mtsikana wa muofesi ku Japan ankayembekezeka kuperekera anzake aamuna tiyi, kenako n'kusiya ntchito akakwatiwa.

Mu 1966 anatulutsa chithunzi chimene chinamutchukitsa. Malonda a zodzola ankaonetsa mkazi wotumbuluka ngati chidole, maso pansi, wamanyazi. Ishioka anatenga mtsikana wina dzina lake Bibari Maeda n'kukamujambulitsa pamchenga ku Hawaii, khungu litapsa ndi dzuwa, maso ali gwa pa woonera. Dziko la Japan linali litangololeza anthu wamba kupita kunja kukacheza mu 1964, choncho ngakhale malowo anali achilendo. Anthu ankamatula zithunzizo m'masitolo n'kupita nazo kwawo.

Cha mu 1970 anayamba kudziimira payekha, ndipo kwa zaka pafupifupi 10 anali maso ndi mawu a Parco, kampani ya masitolo akuluakulu a zovala. Chodabwitsa n'chakuti malonda ake ambiri sankaonetsa chimene Parco imagulitsa. Ankajambulitsa amayi a ku India, Morocco ndi Kenya atavala zakwawo. M'malonda ena a pa wailesi yakanema, katswiri wa mafilimu wa ku America Faye Dunaway anakhala pamalo amdima, n'kusenda dzira lowiritsa mosafulumira, kenako n'kulidya. Basi, malonda atha. Ine ndimaona kuti sukulu yeniyeni ya Ishioka inali imeneyi. Wotsatsa malonda alibe maola awiri ofotokozera. Munthu wodutsa pasiteshoni ya sitima amakupatsa diso kamodzi, ndipo ukalephera kumugwira pamenepo, wapita. Zovala zonse zimene anadzakonza pambuyo pake zili ndi khalidwe lomweli: umaziona kamodzi, n'kudziwa kuti munthuyu ndi wotani asanatsegule pakamwa.

Khomo la mafilimu linatseguka kudzera m'chithunzi chotsatsira. Iye anakonza chikwangwani cha ku Japan cha filimu ya Francis Ford Coppola ya Apocalypse Now, ndipo Coppola sanamuiwale. Patapita zaka zingapo, Coppola ndi George Lucas anathandiza Paul Schrader kupanga filimu yonena za Yukio Mishima, mlembi wa ku Japan yemwe anadzipha pa 25 Novembala 1970 atalephera kuutsa asilikali kuti aukire boma. Schrader anapatsa Ishioka ntchito yokonza malo, ngakhale anali asanazolowere ntchito yotere.

Filimuyo, Mishima: A Life in Four Chapters, ya mu 1985, inali ndi vuto limene wolemba mawu yekha sakanalithetsa. Inkafunika kuonetsa zinthu zitatu mosinthanasinthana: tsiku lomaliza la moyo wa Mishima, ubwana ndi unyamata wake, komanso nkhani za m'mabuku ake atatu. Woonera adziwa bwanji kuti tsopano tachoka m'moyo weniweni talowa m'buku? Tsiku lomaliza analijambula ngati mmene dziko limaonekera. Zakale anazijambula zakuda ndi zoyera. Za m'mabuku anazisiyira Ishioka, yemwe anazimanga m'situdiyo ngati siteji ya zisudzo, mosabisa kuti n'zomanga. Mitundu yake ndi yowala mopyola, makoma amathera m'malere, kuseri kuli mdima. Kachisi wagolide wa ku Kyoto, yemwe mnyamata wachibwibwi wa m'nkhaniyo amamukonda mpaka kufika pomuwotcha, ali pakati pa siteji ngati bokosi lonyezimira, ndipo nthawi ina amang'ambika pakati n'kutulutsa kuwala kothobwa m'maso. Pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ku France chaka chomwecho, Ishioka anagawana mphoto ya luso ndi John Bailey wa kamera ndi Philip Glass wa nyimbo. Kwawo ku Japan filimuyo inatha zaka zambirimbiri osaonetsedwa m'nyumba za kanema, chifukwa mkazi wa malemuyo komanso magulu andale omwe amalemekeza Mishima sanakondwere nayo.

Panthawiyi anali atakhazikika ku New York. Mu 1987 analandira mphoto ya zanyimbo ya Grammy chifukwa cha chikuto cha chimbale cha woimba lipenga Miles Davis chotchedwa Tutu, dzina lolemekeza Bishopu Desmond Tutu. Pachikutopo pali nkhope ya Davis yokha, yojambulidwa ndi Irving Penn, yodzaza pepala lonse.

Tisanafike pa Broadway, dera la nyumba zazikulu za zisudzo ku New York, ndi bwino kuona mmene ntchito imeneyi imayendera tsiku ndi tsiku, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi kungojambula madiresi okongola. Sewero likafika m'manja mwa wokonza, amaliwerenga kaye ngati nkhani, kenako amatenga pensulo n'kuyamba kuwerengera. Anthu alipo angati? Nkhaniyi ikutenga masiku angati, ndipo aliyense asintha kangati? Ndani anyowa ndi mvula, ndani abayidwa? Malaya amene adzathiridwe magazi sasokedwa amodzi. Amasokedwa angapo ofanana ndendende, chifukwa chigawo chimodzi chimajambulidwa mobwerezabwereza, ndiponso mafilimu sajambulidwa motsatira ndondomeko ya nkhani: imfa ya munthu ikhoza kujambulidwa Lolemba, ukwati wake Lachisanu. Chovala chatsopano chimene chiyenera kuoneka chakutha amachikwecha ndi sandipepa, kuchiviika mu tiyi, kuika miyala m'matumba kuti alendewere. Asanadule nsalu yodula, telala amayamba wasoka chovalacho ndi nsalu yotchipa n'kumuyesa mwiniwake. Kumbali ya malo, wokonza amapanga kabokosi kofanizira siteji yonse, komwe ku Ulaya kawirikawiri kamakhala kochepa ka 25 poyerekeza ndi siteji yeniyeni, muli timipando ndi tianthu ta makatoni. Dailekitala amawerama n'kusuzumira m'kabokosiko, ndipo mikangano yambiri imathera pamenepo, thabwa lisanadulidwe ndi limodzi lomwe.

Siteji ndi kamera zimafunanso zinthu zosiyana. Kamera imayandikira mpaka kuona ulusi wa batani, koma chovalacho chikhoza kuvalidwa masiku atatu okha. Pasiteji, munthu wa mpando wakumbuyo kwenikweni saona batani, amaona mtundu ndi kaimidwe ka thupi, koma chovalacho chiyenera kupirira thukuta la masewero asanu ndi atatu pamlungu, komanso kuvulika msangamsanga mumdima kuseri kwa katani.

M. Butterfly, sewero la David Henry Hwang lomwe linayamba pa Broadway mu Malichi 1988, linali ngati analembera Ishioka. Ndi nkhani ya kazembe wa ku France yemwe anakhala pachibwenzi zaka pafupifupi 20 ndi woimba zisudzo wa ku China, osadziwa kuti wokondedwa wakeyo ndi mwamuna komanso kazitape. Apa chovala ndiye nkhani yeniyeniyo. Oonera ayenera kukopeka ndi mikanjo ya silika ngati mmene kazembeyo anakopekera, kuti pamene BD Wong, yemwe ankasewera ngati woimba uja, akupukuta zodzola kumaso pamaso pawo n'kuvala suti, nawonso amve kuti anapusitsidwa ndi zimene ankafuna okha kuona. Ishioka anakonza zovala ndi siteji yomwe. M'malo momanga ndende, ofesi ya kazembe ndi nyumba payokhapayokha, anaika njira imodzi yopindika yotsetsereka kuchokera pamwamba, yozungulira malo apakati pomwe kazembeyo ali m'ndende. Anthu a m'zikumbukiro zake amatsika panjirayo n'kubwereranso. Sewerolo linachitika maulendo 777. Ishioka anasankhidwa kupikisana pa mphoto ziwiri za Tony, zomwe ndi za zisudzo za pa Broadway, ya malo ndi ya zovala, koma zonse zinapita kwa Maria Björnson wa The Phantom of the Opera, mayi winanso amene anagwira ntchito ziwirizi ndi manja amodzi.

Kenako kunabwera Dracula. Pokonzekera filimu yake ya mu 1992, Coppola ananeneratu kuti zovala ndizo zidzakhale malo a filimuyo. Ankafuna kuti ndalama zambiri zipite ku nsalu, ochita sewero aime pamalo opanda zambiri, mwina mdima ndi utsi basi. Akuluakulu a kampani sanalole kuti afike pamenepo, ndipo nyumba zinamangidwa ndithu m'masitudiyo a ku California. Komabe maganizo aja anatsalira m'zovala.

Vuto linali lakuti dziko lonse linkadziwa kale mmene mzukwa woyamwa magaziyu amavalira. Kuyambira pa Bela Lugosi mu 1931, Dracula anali bwana wa suti yakuda ndi chofunda chakuda chapamapewa. Ishioka anataya zonsezo. Kumayambiriro kwa filimu, Gary Oldman, yemwe akusewera ngati Dracula, amapita kunkhondo atavala zodzitetezera zofiira zokhala ndi mizeremizere ngati minofu ya munthu wosendedwa khungu, chisoti chake chili ndi makutu ngati a chilombo. Chovala cha nkhondo ntchito yake ndi kubisa thupi, koma ichi chikuonetsa zam'kati. Munthuyu sanakhale mzukwa, koma magazi ndi uchinyama zili kale pathupi pake. Patapita zaka zoposa 400 timamupeza atakalamba m'nyumba yake yachifumu, atavala mkanjo wofiira womwe mchira wake umakwawa pansi kutali kumbuyo kwake. Iye atakhota kale pakona, mkanjowo umakhala ukadali m'chipinda ngati magazi oyenderera. Chakumapeto amavala mkanjo wagolide wa timabokosi ndi timizere, wotengera zojambula za Gustav Klimt.

Diresi la Lucy, mtsikana amene Dracula amamusandutsa mzukwa, ndi limene ine ndimalikonda kuposa onse. Ndi la ukwati, loyera mbee, koma mtsikanayo amamwalira ukwati usanachitike ndipo amaikidwa m'manda atavala lomwelo. Kolala yake ndi yaikulu, yozungulira ngati mbale, moti mutu umaoneka ngati wadulidwa kale n'kuikidwa pamwamba pake. Ishioka anatengera kolalayo kwa buluzi wina wa ku Australia amene amatambasula khungu la m'khosi akafuna kuopseza mdani. Lucy akamatsika masitepe a manda usiku atanyamula mwana, diresi lomwe lija la mkwatibwi limasanduka la chokwawa, popanda kusinthapo ulusi ndi umodzi womwe. Chasintha ndi kuwala ndi nkhope basi. Mu Malichi 1993 Ishioka analandira Oscar ya zovala.

Pali zomudandaula, ndipo si zopanda pake. Zovala zake zambiri zinali zolemera, zouma, zopanikiza khosi ndi mapewa. Wochita sewero amene anazolowera kuti chovala chizimutsatira ankapeza kuti iyeyo ndiye ayenera kutsatira chovala. Ena m'ntchitoyi amakhulupirira kuti chovala chabwino ndi chimene woonera sachizindikira n'komwe, chimene chimangomupangitsa kukhulupirira kuti uyu ndi mphunzitsi wosauka kapena loya wonyada. Kwa anthu amenewa, Ishioka ankaba sewero. Mafilimu anayi amene anapanga ndi dailekitala Tarsem Singh, The Cell, The Fall ya mu 2006, Immortals ya mu 2011 ndi Mirror Mirror ya mu 2012, onse anamvapo mawu ofanana kwa otsutsa: maso akhuta koma nkhani ndi yopyapyala. Ine sindingamuimbe mlandu wa nkhani zimene sanalembe. Koma n'zoona kuti luso lake silinali la sewero lililonse. Mukanamupatsa nkhani ya banja likukangana pakhitchini, mwina akanaiphwanya. Ankafunika maloto, nthano, opera, malo amene kukokomeza ndiko chilankhulo chake.

N'chifukwa chake ntchito zina zimene zinamuyenera kwambiri sizinali mafilimu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anakonza zovala za Ring ya Richard Wagner ku Amsterdam, masewero anayi oimba omwe onse pamodzi amatenga maola pafupifupi 15. Mu 2002 anaveka akatswiri odumpha ndi kuuluka pazingwe a Cirque du Soleil m'chionetsero cha Varekai. Kumeneko kukongola kumabwera pambuyo: nsalu ikakola pachingwe kapena kuterera m'manja mwa mnzako amene akukuwakha m'malere, munthu akhoza kufa. Chaka chomwecho anakonza mayunifolomu a matimu ena pa masewera a Olympics a nyengo yozizira ku Salt Lake City.

Siteji yaikulu kuposa zonse inali ya ku Beijing pa 8 Ogasiti 2008, pomwe Zhang Yimou, dailekitala wa mwambowo, anamuika kukhala woyang'anira zovala za mwambo wotsegulira Olympics. Taganizirani: mayi wa ku Japan, wobadwa pamene asilikali a dziko lake anali pankhondo m'dziko la China, ndiye anaveka mbiri ya China pa tsiku limene dzikolo linkadzionetsa ku dziko lonse. Mwaluso, vuto lija la kutali ndi pafupi linafika pachimake. M'bwalo lokwana anthu 91,000, wokhala pamwamba amaona munthu ngati nyerere, pamene kamera ya wailesi yakanema ikhoza kuyandikira nkhope ya mmodzi nthawi ina iliyonse. Chovala chilichonse chinayenera kukhala kadontho ka chithunzi chachikulu komanso chinthu chomalizika bwino pachokha. Amuna mazanamazana oimira ophunzira 3,000 a Confucius analowa atavala mikanjo yotuwa ngati inki yosungunuka m'madzi, kumutu kuli nthenga zazitali, m'manja muli mabuku a timitengo ta nsungwi. Pabwalopo panalibe khoma lakumbuyo ngati la m'nyumba ya zisudzo. Anthu ovalawo ndiwo anali khoma, pansi ndi denga. Zimene Coppola ankalakalaka mu 1992 zinachitikira kumeneko.

Zaka zake zomaliza zinali zotanganidwa ngati zoyamba. Anakonza zovala za Spider-Man: Turn Off the Dark, sewero loimba la pa Broadway lomwe linadya ndalama pafupifupi madola 75 miliyoni, linavulaza ochita sewero angapo ndipo linachedwa kutsegulidwa mpaka Juni 2011. Ngakhale panali chipwirikiti chonsecho, zovala zake zinasankhidwabe kupikisana pa Tony. Nthawi yomweyo ankakonza madiresi akuluakulu a Julia Roberts ndi Lily Collins a mu Mirror Mirror, uku akulandira chithandizo cha khansa ya kapamba. Mu 2011 anakwatiwa ndi Nicholas Soultanakis, yemwe anakhala naye pachibwenzi kwa zaka zambiri.

Anamwalira ku Tokyo pa 21 Januwale 2012 ali ndi zaka 73, patatsala miyezi iwiri kuti Mirror Mirror ituluke. Chaka chotsatira dzina lake linawerengedwanso pa mndandanda wa opikisana pa Oscar ya zovala, mwiniwake kulibe. Chakumapeto kwa 2020, nyumba yosungira zaluso zamakono ya ku Tokyo inasonkhanitsa ntchito zake m'chionetsero chachikulu. Zithunzi za Shiseido zija anazipachika kukhoma, zovala zofiira za Dracula anaziimika pazidole, ndipo m'chipinda china anamanganso kachisi wagolide wa mufilimu ya Mishima, yemwe anthu ambiri a mumzindawo anali asanamuonepo pa kanema.